Kugula katundu ku Osaka: yankho kwa amene akufuna kuyamba

Achemwali, mwandifunsa ngati n'zotheka kupita ku Osaka, mzinda wa ku Japan, ndi mpamba wochepa, kukaoda katundu m'dera lotchuka lija la Dotonbori n'kudzagulitsa kuno pa phindu, komanso mwafunsa zimene munthu amadya akafika kumeneko. Ndikuyankhani monga mmene ndaonera pa maulendo anga, chifukwa funso limeneli inenso ndinali nalo ndisanapiteko.

Mukatera pabwalo la ndege la Kansai, sitima ya Nankai imakufikitsani pasiteshoni ya Namba, m'kati mwa Osaka, pasanathe ola limodzi, ndipo kuchoka pamenepo mumangoyenda wapansi mphindi zochepa kukafika ku Dotonbori. Dotonbori ndi msewu wotsatana ndi ngalande ya madzi imene inamalizidwa kukumbidwa mu 1615, ndipo kuyambira kale linali dera la nyumba za zisudzo ndi malo odyera. Dzuwa likalowa, pamlatho wa Ebisubashi pamadzaza anthu ojambulitsa pansi pa chikwangwani cha kampani ya Glico cha munthu wothamanga atakweza manja, chimene chinaikidwa koyamba mu 1935. Kuchokera pamlathopo kumayamba Shinsaibashi-suji, msewu wofoleredwa wa mamita pafupifupi 600, wodzaza ndi masitolo a zovala, nsapato, mafuta odzola ndi mankhwala, ndipo m'mbali mwa ngalandeyo muli sitolo yaikulu ya Don Quijote imene imagulitsa pafupifupi chilichonse.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti dera limeneli linakonzedwera alendo odzasangalala, ndipo mitengo yake ndi ya wogula chinthu chimodzi kapena ziwiri, osati ya wooda. Ine tsiku loyamba ndimayendamo ndi kabuku ndi cholembera basi, kuona zimene anthu akugula kwambiri ndi kulemba mitengo, koma ndalama ya mpamba sinditulutsa. M'masitolo ambiri mtengo wolembedwa ndi womwewo. Kunenerera kumene tinazolowera kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kulibe, banyira nayenso kulibe, ndipo mukayesa kukakamira wogulitsa amangokuweramirani mwaulemu n'kubwereza mtengo uja. Ubwino wake ndi wakuti sakuwonjezerani mtengo chifukwa ndinu mlendo, ndipo chenje amakuwerengerani chonse pamaso panu.

Mudzaona zikwangwani zolembedwa Tax Free pakhomo la masitolo ambiri, ndipo apa m'pamene oyamba kumene amasokonekera. Ku Japan msonkho wa pa malonda ndi 10 peresenti, kapena 8 peresenti pa zakudya zotenga, ndipo mlendo amene wagula zinthu za mayeni (ndalama ya ku Japan) 5,000 kapena kuposerapo m'sitolo imodzi tsiku limodzi angathe kuchotseredwa msonkhowo akaonetsa pasipoti. Koma mwayi umenewu ndi wa katundu wogwiritsa ntchito mwini wake, osati wokagulitsa, ndipo zonse zimene mwagula zimalembedwa pa nambala ya pasipoti yanu, moti akuluakulu oona za katundu wotuluka angathe kukufunsani potuluka. Boma la Japan linalengezanso kuti kuyambira November 2026 mlendo azilipira msonkho wonse m'sitolo n'kudzabwezeredwa pochoka m'dzikomo. Choncho powerengera phindu lanu, msonkhowo muuike m'gulu la ndalama zimene mudzalipire ndithu.

Katundu weniweni wa wamalonda ali m'misewu yapafupi imene ilibe magetsi othwanima. Ku Sennichimae Doguyasuji, kamsewu kakafupi ka ziwiya za m'khitchini, n'kumene eni malo odyera a ku Osaka amagula mipeni, mapoto, mbale ndi masikelo, ndipo mipeni yambiri yabwino imachokera ku Sakai, mzinda woyandikana ndi Osaka umene unatchuka kalekale ndi osula zitsulo. Mpeni woterewu ndi wokwera mtengo, koma ophika a m'mahotela kuno akauona sachedwa kuuzindikira, ndipo ndi wopepuka m'chikwama. Kumbukirani kuuika m'katundu wokwezedwa pansi pa ndege, osati wa m'manja. Nsalu ndi zovala za ooda zimapezeka ku Semba Center Building pafupi ndi Honmachi, ngakhale kuti ena mwa ogulitsa kumeneko amangolandira anthu a mabizinesi odziwika. Masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito ndi amene ine ndimawakonda kwambiri, chifukwa anthu a ku Japan amasamala katundu wawo, ndipo chikwama, wotchi kapena kamera yakale imakhala ikuonekabe yatsopano. Za m'masitolo a mayeni 100 monga Daiso, zimene ndi msonkho zimafika 110, zambiri zimapangidwa ku China, ndiye kuzinyamula kuchokera ku Osaka n'kungowononga makilogalamu anu.

Pa zamagetsi ndikuchenjezeni kwambiri. Ulendo wanga woyamba ndinagula maketulo ndi mapoto ophikira mpunga m'sitolo ina ku Nipponbashi, dera la zipangizo zamagetsi, osayang'ana zolembedwa pansi pake. Magetsi a ku Japan ndi a mavoti 100 pamene athu ndi a 230, ndipo ketulo yoyamba imene tinayesa kunyumba inapsa nthawi yomweyo. Zotsalazo ndinazigulitsa moluza pamodzi ndi matiransifoma amene ndinachita kugula padera. Zilipo zopangidwira anthu akunja, zolembedwa 220 mpaka 240, ndipo muzifunsa zimenezo zokha.

Tsopano za chakudya. Anthu a ku Osaka ali ndi mawu akuti kuidaore, kutanthauza kudya mpaka chuma kutha, ndipo wamalonda ayenera kuwamva ngati chenjezo. Chotchuka kwambiri ndi takoyaki, timipira ta ufa wa tirigu wosungunula tokhala ndi kachidutswa ka octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, tophikidwa pachiwaya cha maenje ozungulira. Wophika amatitembenuza ndi kachitsulo kosongoka mofulumira moti munthu umangoima n'kumaonerera, kenako amathira msuzi wotsekemera, mayonezi ndi nsomba youma yopala yopyapyala. Kunja timaoneka ngati tazizira koma m'kati timatentha koopsa, choncho dikirani kaye musanalume. Palinso okonomiyaki, chikondamoyo cha kabichi, ufa ndi mazira chokazingidwa pachitsulo chafulati, chimene nthawi zambiri chimakhala ndi nyama ya nkhumba, ndiye ngati simudya nkhumba funsani musanaitanitse. Kushikatsu ndi nyama kapena masamba obayidwa pakamtengo n'kukazingidwa m'mafuta, ndipo lamulo lake lodziwika n'lakuti kamtengo kamene mwalumako kale simukaviikanso mumsuzi wa anthu onse. Kudya uku mukuyenda anthu a kumeneko sakondwera nako; mumaima pambali pa wogulitsayo, n'kumubwezera kambale mukamaliza, popeza mabini m'misewu ndi osowa. Msika wa Kuromon uli ndi nsomba ndi nkhanu zokongola, koma mitengo yake inakwera chifukwa cha alendo. Ine ndimalawa zimenezi madzulo amodzi okha, ndipo masiku enawo ndimadya mbale ya udon, chakudya cha ufa wa tirigu chonga sipageti, kapena mpunga woumba wotchedwa onigiri wa m'timasitolo totsegula usiku ndi usana.

Musananyamuke mufunika visa, imene mumafunsira ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, ndiponso ndalama zakunja, zimene mudzasintha kawiri, kuchoka ku kwacha kupita ku dola kenako ku yeni, ndipo kusintha kulikonse kumadyako mpamba. Katundu wolemera amabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera kudoko la Osaka kapena la Kobe kudzera ku Dar es Salaam ndi kuchipata cha Songwe, ndipo wa mpamba wochepa amagawana kontena ndi anzake ooda zipangizo za magalimoto. Ngati mukubwera ndi zonse pa ndege, yezani chinthu chilichonse pa sikelo musanagule zambiri, mugawe mtengo wa tikiti ndi wa malo ogona pa makilogalamu amene mwaloledwa, kuti mudziwe ndalama imene kilogalamu iliyonse iyenera kubweza. Malisiti onse muwasunge m'envulopu imodzi, ndipo pa lililonse mulembe ndi dzanja dzina la katunduyo m'Chingerezi, chifukwa amasindikizidwa m'Chijapani ndipo a MRA adzafuna kuwawerenga mukatera ku Lilongwe kapena ku Chileka.