Leza Ikamafooka Masana, Musafulumire Kuloza Chala Mpweya

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Mufakose amene akuphunzira za magetsi ndi mauthenga kuno ku Harare. Iye ndi anzake alumikiza nyumba ziwiri zosanja pogwiritsa ntchito kuwala kwa leza, popanda waya pakati. Kuwalako kumadutsa mu faiba (kachingwe ka galasi konyamula kuwala) mpaka padenga, kenako n'kuwoloka mumlengalenga. Kolandirira anaikako sefa ya polarization, imene imalola kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha. M'mawa zimayenda bwino, koma dzuwa likafika paliwombo siginolo imafooka. Wafunsa kuti: "Kodi ndi mpweya wotentha umene ukupotoza polarization? Nanga tingaiwongole bwanji?"

Achimwene, ine sindikukayikira mpweya. Ndikukayikira faiba yanu ija.

Tiyambe tathandiza ena amene sakuidziwa nkhaniyi. Kuwala ndi funde, ndipo pamene likupita kutsogolo limagwedezekanso cham'mbali: choimirira, chopingasa, mopendekera, kapena mozungulira. Kagwedezekedwe kameneka ndiko polarization. Amene anamangapo dishi ya DStv akudziwa kuti ukapotoza molakwika LNB, kachipangizo kolandirira siginolo kutsogolo kwa dishi, matchanelo ena amasowa, ngakhale dishiyo yaloza bwinobwino. Sefa yanu imachita zomwezo, ndipo masamu ake anawapeza kale Étienne-Louis Malus wa ku France. Kuwala kukapendekera ndi madigiri 30 kuchoka pamzere wa sefa, mumatsala ndi 75 peresenti ya mphamvu yake. Pa madigiri 45 mumatsala ndi theka, pa 90 palibe chodutsa.

Mpweya wotentha umasokonezadi, zimenezo sindikukana. Mu Okutobala mukayang'ana pamwamba pa phula kapena pamalata mumaona zinthu zikunjenjemera, chifukwa mpweya wotentha ndi wozizira zimapinda kuwala mosiyana. Zimenezi zimachititsa kuti kuwala kwa leza kuziphethira, kumwazike, nthawi zina kuphonye kolandirira. Koma mpweya sukondera mbali. Funde loimirira ndi lopingasa umawachedwetsa mofanana, choncho polarization imafika tsidya linalo pafupifupi mmene inanyamukira.

Faiba wamba ya single-mode, yodutsitsa kuwala m'njira imodzi yokha, ndi nkhani ina. Mukaipinda, kuifinya ndi kachingwe komangira, kapena ikatenthedwa, galasi la mkati mwake limayamba kuchedwetsa mbali imodzi ya funde kuposa inzake. Kuwala kumene kunalowa choimirira kumatuluka kutapendekera kapena kukuzungulira. Ndiye taganizirani faiba yagona padenga, m'mawa kuzizira, masana kupsa, mphepo n'kumaigwedezanso. Magalasi okhotetsera kuwala nawonso ali ndi mlandu, makamaka oikidwa pa madigiri 45, koma kupotoza kwawo sikusinthasintha kwambiri ndipo mukhoza kukuwongola kamodzi basi.

Musanagule chilichonse, yesani kaye. Chotsani sefa, muike polarizing beam splitter (galasi lolekanitsa kuwala koimirira ndi kopingasa) ndi ma photodiode (tizipangizo toyeza mphamvu ya kuwala) awiri, imodzi yolandira choimirira, ina chopingasa. Lembani zimene zonse ziwiri zikuwerenga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati imodzi ikutsika pamene inzake ikukwera, koma mukaziphatikiza nambala sikusintha, vuto ndi polarization. Ngati zonse zikutsikira limodzi, ndiye kuti kuwala kukuphonya kapena kukumwazika, ndipo muyang'ane chitsulo chimene mwakhazikapo leza, poti nachonso chimafutukuka chikatentha. Liwiro limaululanso: kuphethira kobwera ndi mpweya kumachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, pamene kwa faiba yotenthedwa kumatenga mphindi kapena maola.

Tinene kuti mwapeza kuti ndi polarization. Funso langa loyamba n'lakuti sefayo mukuifuniranji? Ngati mukutumiza uthenga pongoyatsa ndi kuzimitsa leza, photodiode ilibe nazo ntchito za kagwedezekedwe ka kuwala, imangowerenga mphamvu. Mwina munaiika kuti ichepetse kuwala kwa dzuwa. Ntchito imeneyo imagwiridwa bwino ndi sefa yopapatiza yolola mtundu wa leza yanu wokha, kaya ndi 850 kaya 1550 nm (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). Mukatero vuto latha popanda kuwongola kanthu.

Ngati polarization mukuifunadi, sinthani faiba ija muike ya polarization-maintaining, yopangidwa kuti izisunga polarization, ndipo mulowetse kuwala molunjika ndi mzere wake, apo ayi mwataya ndalama pachabe. Ngati wotumiza amazungulira poyerekeza ndi wolandira, monga zimakhalira ndi setilaiti, ambiri amatumiza kuwala kozungulira pogwiritsa ntchito quarter-wave plate (galasi losandutsa kagwedezekedwe kolunjika kukhala kozungulira), chifukwa koteroko sikudandaula kuti wolandira wapendekera kuti.

Njira imene ndimaikonda kwa ophunzira ndi ya magalasi atatu ondondozana: quarter-wave, half-wave (lopendeketsa polarization), kenako quarter-wave inanso. Atatuwa mukawazunguza moyenera amatha kubweza kupotoka kulikonse kwa mtunduwu. Lililonse mulipatse kamota, kakompyuta kakang'ono ka Arduino kaziwerenga photodiode ya mbali yosafunikayo, kazizunguza galasi limodzi pang'ono, n'kuona ngati kuwala kotayikako kwachepa. Kukachepa kapitirize, kukachuluka kabwerere. Poti faiba imasintha pang'onopang'ono, timamota totchipa timakwana. Ofuna liwiro amaika liquid crystal, yosintha polarization ndi magetsi, m'malo mwa mota. Dziwani chabe kuti magalasiwa amawongola kuwala kopotoka, sabweza kumene kwatayika panjira.

Makampani akuluakulu a mauthenga, amene amanyamula uthenga umodzi pa choimirira ndi wina pa chopingasa nthawi imodzi, amalola kuti ziwirizo zisakanikirane, n'kudzazilekanitsa ndi masamu pa chipu cholandirira. Njira yotchuka ndi constant modulus algorithm, yochokera ku ntchito ya Dominique Godard ya mu 1980. Kumene masamuwa sangathandize ndi ku mauthenga achinsinsi a quantum, otumizidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri ta kuwala totchedwa photon. Mu njira ya BB84, imene Charles Bennett ndi Gilles Brassard anaiyambitsa mu 1984, kiyi wotsegulira uthenga wachinsinsi amanyamulidwa ndi polarization ya photon imodziimodzi, ndipo simungaikope kapena kuikulitsa. N'chifukwa chake setilaiti ya Micius, imene China inaiponya mu 2016, inafunika magalasi ozungulira otsatira kayendedwe kake. Mu 2024 akatswiri a ku Stellenbosch University anagawana kiyi wotere ndi anzawo a ku China kudzera pa setilaiti yaing'ono ya Jinan-1.

Inu simunafike kumeneko. Ngakhale a Taara, opanga zida zotumizira intaneti ndi leza, amene mu 2021 anawolotsa intaneti ndi kuwala pa mtsinje wa Congo pakati pa Brazzaville ndi Kinshasa mogwirizana ndi Liquid Intelligent Technologies, chimene ankalimbana nacho kwambiri ndi kuloza molondola ndi nyengo. Inunso utsi wa moto wa m'tchire wa mu Seputembala ndi mvula ya mu Januwale zidzakuvutitsani kuposa polarization.

Mawa masana wina akwere padenga akagwedeze faiba ija ndi chala, inu mukuyang'ana mita. Nambala ikadumpha, ilowetseni mu paipi, muimange isamagwedezeke, muitchingire dzuwa, kenako muyezenso. Ndipo ngati leza yanu ndi ya 1550 nm, imeneyo sioneka ndi maso, choncho wina asasuzumire mu lenzi kuti aone ngati yayaka.