Buku loseketsa lija la ku Australia: ndani akunena zoona?

Mayi wina amene akupita ku Perth, mzinda wa kumadzulo kwa Australia, kukachita maphunziro wandilembera imelo. Mnzake wa kuntchito anamupatsa buku la Bill Bryson lotchedwa Down Under, lofotokoza maulendo a mlembiyo m'dzikolo, kuti awerenge asananyamuke. Asanalitsegule n'komwe anayamba wafufuza zimene ena analemba pa intaneti, ndipo mutu unangoima. Ena akuti anaseka mpaka nthiti kuwawa, ena akuti ndi lachibwana, lobwerezabwereza ndiponso lachikale. Funso lake ndi lakuti: akunena zoona ndani, nanga n'koyenera kutayirapo nthawi pamene munthu ali kalikiliki ndi za visa?

Mayi, muliwerenge. Magulu onse awiriwo sakunama, kungoti aliyense ankafunamo zake.

Choyamba, bukuli lili ndi maina awiri. Ku Britain linatuluka ndi dzina limene muli nalolo, pamene ku America ndi In a Sunburned Country. Nkhani yake ndi imodzimodzi, ya chaka cha 2000, ndiye musagule kawiri. Mukamawerenga ndemanga, yang'anani maina onse awiri.

Amene amalikonda amatchula kawirikawiri nkhani ya Harold Holt. Mkuluyu anali nduna yaikulu ya Australia, ndipo mu December 1967 analowa m'nyanja kukasambira ku Cheviot Beach, osabwereranso. Thupi lake silinapezeke mpaka lero. Ku Melbourne kuli dziwe losambiramo limene analitcha dzina lake pomukumbukira. Nkhani zotere Bryson amazidziwa kusaka kwake, ndipo pozifotokoza amachita ngati palibe chachilendo, n'chifukwa chake zimaseketsa. Amadzisekanso yekha: munthu wonenepa, wamantha, wogona pakamwa yasa m'galimoto ya eni.

Koma chimene ine ndimaliyamikira nacho si nthabwala ayi. Ndi mmene limakuchititsirani kumva kukula kwa dzikolo m'thupi. Australia ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 7.7 miliyoni, kutanthauza kuti Malawi angalowemo maulendo 65, koma pamene bukuli linkalembedwa munali anthu pafupifupi 19 miliyoni okha, ambiri a iwo atadzazana m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Manambala amenewa munthu amawerenga n'kuiwala. Bryson anakwera sitima ya Indian Pacific yochoka ku Sydney kupita ku Perth, mtunda wa makilomita 4,352. M'chigwa cha Nullarbor njanji imayenda makilomita 478 osakhota ngakhale pang'ono, kunja kulibe mtengo woti n'kupachikapo maso. Mumagona, mumadzuka, pawindo pali chimodzimodzi. Sitima imaima pa Cook, kamudzi kamene kanatsala ndi anthu owerengeka pa zala. Mukamaliza mutu umenewo mudzamvetsa chifukwa chake munthu wa ku Perth sanena kuti akupita ku Sydney kukacheza Loweruka n'kubwerako madzulo. Ngakhale pa ndege ndi maola oposa anayi.

Tsopano odandaula. Akuti bukuli limabwereza: wayendetsa galimoto, wafika pa hotela, wamwa mowa, mawa wapita kosungira zinthu zakale, wadabwa. N'zoona, makamaka chapakati. Akutinso zambiri anazitenga m'mabuku a ena osati kwa anthu. N'zoonanso, ngakhale kuti nkhani ngati ya Thomas Austin, amene mu 1859 anamasula akalulu 24 m'chigawo cha Victoria n'kuyambitsa mliri umene unadya msipu wa mbali yaikulu ya dzikolo, ine sindisamala kuti anaimva kwa ndani. Pali masamba otchuka a masewero a cricket pa wailesi, amene anthu a ku England amagwa nawo ndi phwete. Ngati cricket simuidziwa, dumphani, simutaya kanthu.

Munalembanso kuti ndemanga zina zakuchititsani mantha ndi njoka ndi akangaude. Apa mlembi amathira mchere wambiri, ndipo amachita dala. Zilombozo ziliko ndithu. Koma kangaude woopsa wa funnel-web ndi wa kum'mawa, cha ku Sydney, ndipo chipezekereni mankhwala ake mu 1981 palibe amene anafa naye. Box jellyfish, chamoyo cha m'madzi chokhala ndi ululu woopsa, amapezeka m'nyanja za kumpoto nyengo yotentha. Ku Perth choti muziope kwambiri ndi dzuwa ndi mphamvu ya madzi yokokera munthu kwakuya. Pagombe mudzaona mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zitazikidwa mumchenga, opulumutsa anthu atakhala chapafupi. Muzisambira pakati pa mbenderazo, osati kwina.

Dandaulo limene ndimalitenga mozama ndi la Aaborijini, eni nthaka a dzikolo. Si kuti Bryson anawaiwala. Analemba za ku Myall Creek, kumene mu 1838 azungu anapha Aaborijini osachepera 28, ndipo amuna 7 ananyongedwa chifukwa cha mlanduwo, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri nthawi imeneyo. Analembanso za ana amene boma linkawalanda kwa makolo awo. Mitu imeneyi ilibe nthabwala, ndipo ambiri amati anamva nkhanizi koyamba m'buku lomweli. Komabe atafika ku Alice Springs, tauni ya pakati pa dzikolo, anakhala pansi n'kumangowayang'ana akudutsa mumsewu, kenako n'kuvomera kuti yankho alibe. Owerenga ena amati uku n'kuona mtima. Ine ndimati munthu amene anali ndi nthawi yopatukira kukaona chifanizo cha nkhanu yaikulu m'mbali mwa msewu akanatha kupeza tsiku limodzi lokhala pansi ndi eni nthakawo, kuti mawu awo amveke m'bukumo. M'masamba onsewo amakambidwa, koma iwo eni salankhula.

Ndipo pali china chimene ndemanga zambiri sizinena, chifukwa ozilembawo ndi ofanana ndi mlembi. Bryson ndi mzungu wa ku Iowa, ku America, amene wakhala zaka zambiri ku Britain. Akamati anthu a ku Australia ndi ansangala, akunena mmene anamulandirira iyeyo. Dziko lomwelo linali ndi malamulo oletsa anthu amene si azungu kusamukirako, ndipo anathetsedweratu mu 1973. Sindikukuopsezani, masiku ano ku Perth kuli anthu ochokera kulikonse, a ku Africa kuno ambirimbiri. Ndikungoti za mmene mayi wachikuda amalandiridwira pofuna nyumba ya lendi kapena ganyu, bukuli silingakuuzeni. Zimenezo mufunse Amalawi amene ali kale konko.

Za kukalamba kwake, kumbukirani kuti papita zaka zoposa 20. Mu February 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'nyumba ya malamulo chifukwa cha ana olandidwa aja. Kukwera thanthwe la Uluru kunaletsedwa mu October 2019, monga eni ake a Anangu ankapemphera. Mu 2023 anthu anakana pa referendamu zoti Aaborijini akhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo lolembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Chiwerengero cha anthu chakwera kufika cha m'ma 27 miliyoni. Kuyunivesite, msonkhano usanayambe, mudzamva wotsogolera akulemekeza a Whadjuk Noongar, eni malo amene mzinda wa Perth unamangidwapo. Mitengo ya zinthu imene ili m'bukumo musaiyang'ane n'komwe.

Poti nthawi yakucheperani, yambani ndi gawo loyamba, la sitima ija, chifukwa likuthera ku Perth komweko. Kenako dumphirani kumapeto, kumene akubwereranso ku Western Australia, chigawo chimene kuli Perth, n'kukwera kumpoto mpaka ku Shark Bay. Zotsalazo muwerengere m'ndege, ulendo wake ndi wautali mokwanira.