Nambala ya malume a ku Manchester ikukana kulowa

Funso: M'sutikesi ya malemu mayi anga ndapezamo kalata ya malume a ku Manchester, yolembedwa mu 1993. Nambala yawo ikuyamba ndi 061, koma ndikaimba sikulowa. Kodi inafa? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Pepani ndi zovutazo, achemwali. Nambalayo ikungoperewera 1. Pa 16 Epulo 1995, dziko la Britain linalowetsa 1 pambuyo pa 0 m'makodi ambiri a mafoni a m'nyumba, poti manambala ankachepa. Ya Manchester inasanduka 0161. Poimba muli kuno, tayani 0 uja: yambani +44, kenako 161, ndiye manambala otsalawo. Thiranitu mayunitsi okwanira, kumeneko kumadya ndalama. Akayankha mlendo musadabwe, malumewo mwina anasamuka kalekale.