Mwana akuti adzakhala mu bodi ya kampani: aphunzire chiyani?

Funso: Ndine bambo wa ku Area 25 ku Lilongwe. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu. Ine ndikufuna achite za akaunti, koma iye wakakamira za kusintha kwa nyengo, ati tsiku lina adzakhale mu bodi n'kumaletsa makampani kuwononga mpweya. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo? Pakhomo tikungokangana.

Yankho: Zikomo bambo. Yankholi muwerenge pamodzi ndi mwanayo.

Mu bodi salembamo munthu wongochoka kumene kusukulu. Madayirekitala amasankhidwa ndi eni masheya, ndipo ambiri amakhala anthu oti akhalitsa pa ntchito zawo: maakauntanti, maloya, mainjiniya, akuluakulu a mabanki. Amakumana kangapo chabe pachaka. Choncho digiri ya ubodi kulibe. Koma mwana wanu sakubwebweta ayi, waona pamene pagona mphamvu.

Bodi ndiyo imavomereza bajeti, ngongole zikuluzikulu ndi kugula makina, komanso imalemba kapena kuchotsa mkulu wa kampani. Tiyerekeze fakitale ina ku Kanengo ikufuna magetsi odalirika. Igule jenereta ina ya dizilo, kapena iyale sola padenga? Manijala amangobwera ndi pepala, omanga mfundo ndi a bodi. Ndipo boyila yomwe avomereza lero idzakhala ikutentha malasha kapena nkhuni kwa zaka makumi awiri zikubwerazi, iwo atapuma kale.

Kale nkhani ya nyengo makampani ankaisiyira boma ndi mabungwe. Namondwe Ana atawononga siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Mukukumbukira mmene magetsi ankazimira, majenereta akungolira tsiku lonse ku Old Town, dizilo yake yoitanitsa kunja ndi ndalama zosowa kale. Kuyambira pamenepo, dayirekitala amene safunsa za nyengo ndiye kuti sakusamala chuma cha eni masheya. Mwayi nawo ulipo: sola ya ku Salima ya mamegawati 60 inayamba mu 2021, ya ku Golomoti ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire inatsatira mu 2022. M'chaka cha 2021 chomwecho Malawi inalonjeza, pansi pa pangano la ku Paris, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, kuti pofika 2040 idzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene ukanakhalira, ngakhale gawo lalikulu likudalira thandizo lakunja. Ndinene pano kuti utsi wa mafakitale athu ndi wochepa kwambiri pa dziko lonse. Bala lathu ndi mitengo. Njinga zodzaza matumba a makala zomwe zimalowa mumzinda mbandakucha, zina kuchokera ku Dzalanyama komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira, zimandipweteka mtima kuposa chumuni chilichonse.

Tsono ntchito ya mwana wanu ili apa. Bodi singamange mfundo pa mawu okoma okha, imafuna manambala. Mu 2023 bungwe la ISSB, lomwe limakonza miyezo ya malipoti a makampani pa dziko lonse, linatulutsa muyezo wa IFRS S2, umene umafuna kuti kampani ifotokoze mmene bodi yake ikuyang'anira chiopsezo cha nyengo komanso kuchuluka kwa mpweya umene ikutulutsa. Mabanki ndi ogula katundu akunja ayamba kufunsa mafunso omwewo. Nanga awerengere ndani? Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu pafupifupi 2.7. Munthu amakhala pansi ndi malisiti a mafuta a chaka chonse, mabilu a magetsi, buku la malole, mulu wa nkhuni zomwe zapita ku mabalani a fodya, n'kuwonkhetsa. Malita 1,000 ndi matani 2.7. Kenako amasandutsa zonsezo kukhala makwacha: sola idzabweza ndalama zake m'zaka zingati, dizilo ikakwera mtengo titaya zingati. Pepala limenelo ndi lomwe limafika patebulo la bodi, ndipo amene walilemba mawu ake amveka ngakhale ali ndi zaka 26.

Mwaona bambo, inu ndi mwanayo mukukanganira msewu umodzi. Maganizo anga ndi akuti agwire kaye luso limodzi lolimba, za nyengo azimange pamwamba pake. Poti masamu amamukonda, akaunti ndi khomo labwino: digiri ku MUBAS, kapena mayeso a mabungwe a maakauntanti, ICAM kapenanso ACCA. Ngati mtima wake uli pa sayansi, musamuumirize. LUANAR ku Bunda ili pafupi pompa ndi maphunziro a zachilengedwe ndi nkhalango, MUST ku Thyolo ili ndi sukulu ya zanyengo, ku Mzuzu University kuli za mphamvu zongowonjezereka monga dzuwa. Koma akapita kumeneko aphunzireko kuwerenga malipoti a zachuma, chifukwa ndaona achinyamata odziwa bwino za mitengo ndi mvula akusowa chonena atafunsidwa kuti zimenezi zidya ndalama zingati. Khomo lina lomwe ambiri salidziwa ndi la zamalamulo ku Zomba: mlembi wa kampani, amene nthawi zambiri amakhala loya kapena akauntanti, amakhala nawo pa msonkhano uliwonse wa bodi.

Podikira kusankhidwa kwa ku yunivesite, mwanayo achite ziwiri. Atsitse pa intaneti malipoti apachaka a makampani awiri kapena atatu a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, aone amene ali mu bodi, anaphunzira chiyani, ndipo alembapo chiyani za chilengedwe. Chachiwiri, mumupatse kope ndi malisiti a pakhomo panu. Kwa mwezi wathunthu alembe matumba a makala, mayunitsi a magetsi ndi mafuta a galimoto ngati ilipo, kenako akuwerengereni ngati kuphikira gasi kungakupulumutsireni ndalama. Mwezi ukatha mundilemberenso zomwe wapeza, tidzasankhire limodzi makosi oti alembe pa fomu.