Mwana akufuna kiriketi ku Burnley, ndimulole?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Burnley, tauni ya m'chigawo cha Lancashire ku England. Mwana wawo wa zaka 9 wakakamira kuti akalowe kalabu ya kiriketi ya m'tauni mwawo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi amenewa si masewera a azungu olemera? Nanga mwana wanga sakamusala?"

Mayi, mulekeni mwanayo apite. Kumene mukukhalako kiriketi sinakulire m'manja mwa olemera. Makalabu a Burnley, Nelson, Accrington ndi Rishton ali mu Lancashire League, ligi imene inayamba mu 1892 m'matauni a mafakitale oomba nsalu. Osewera ndi oonerera ambiri anali anthu a m'mafakitalemo, amene akaweruka Loweruka masana ankathamangira ku bwalo. Mwambo wake ngwakuti timu imakhala ndi katswiri mmodzi yekha wolipidwa. Anzake khumi amangosewera chifukwa chokonda, Lolemba aliyense ali pantchito yake.

Katswiri mmodziyo nthawi zambiri ankachokera kutali. Learie Constantine, munthu wakuda wa ku Trinidad, anasewera ku Nelson kuyambira 1929 mpaka 1937, ndipo pa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo timuyo inatenga ligi kasanu ndi kawiri. Atangofika anthu ankamuyang'ana modabwa, ena monyoza kumene, koma pamapeto pake tauniyo inamutenga ngati mwana wa pakhomo. Mu 1969 anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, ndipo pa dzina laulemu limene anapatsidwa panali Nelson. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri. Viv Richards, katswiri wotchuka wa timu ya West Indies, naye anasewerapo ku Rishton mu 1987. Kalabu imene mwana wanu akuisirira, yoyandikana ndi bwalo la mpira la Turf Moor, ndiyo inalera James Anderson, amene anadzakhala katswiri wotchuka woponya mpira m'timu ya dziko la England.

Za tsankho sindikubisirani, lilipo. Mu 2023 bungwe lapadera lofufuza linapeza kuti m'kiriketi ya ku England kusalana chifukwa cha khungu ndi chuma n'kofala. N'chifukwa chake ndikuti musangomusiya pageti n'kubwerera. Lowani, patsani moni makolo anzanu, mphunzitsi akudziweni nkhope. Makalabu amenewa amayenda ndi anthu ongodzipereka: wina amatchetcha udzu, wina amalemba zigoli, ena amakonza tiyi ndi masangweji a pakati pa masewero. Kholo limene latsukako makapu kamodzi salitenganso ngati mlendo, ndipo mwana wake akadandaula amamumvera msanga. Ndikudziwa kuti mashifiti sapereka mpata, komabe ngakhale kamodzi pamwezi.

Musathamangire kugula zipangizo. Ana a zaka 8 mpaka 11 ali ndi pulogalamu ya Dynamos Cricket, ya mpira wofewa, ndipo makalabu ambiri amabwereketsa zomenyera ndi zotchinjiriza miyendo. Akadzafika pa mpira wolimba m'pamene chipewa choteteza mutu chidzafunike, ndipo apo musadzaumire. Funsaninso za ndalama ya umembala ya pachaka. Ikakulemerani auzeni mosabisa, ambiri amamvetsa.

Nyengo ya masewera ndi Epulo mpaka Seputembala, nthawi yozizira ana amaphunzirira m'nyumba. Tsiku loyambalo mutenge juzi yokhuthala ndi ambulera, chifukwa mphepo ya ku Lancashire madzulo imalowa m'mafupa ngakhale mu Juni.