Kodi teppanyaki imasiyana pati ndi chiwaya?

Funso: Akonzi, mwana wanga amene amagwira ntchito kuhotela ina kuno ku Harare wandiuza kuti alendo andalama amakonda kufunsa za chakudya cha ku Japan chotchedwa teppanyaki, chimene akuti ndi chodula kwambiri. Atandionetsa kanema pafoni, ndinangoona munthu akukazinga nyama pachitsulo, monga amachitira okazinga nyama ya gango ku Mereki, kuno ku Harare, kapena a chiwaya kwathu ku Malawi. Nanga ulemu wonsewo ukuchokera kuti? Ndine bambo wa ku Mufakose.

Yankho: Bambo, mwaona bwino, pakuti chitsulocho pachokha chilibe ulemerero uliwonse. Ku Japan komweko amaphikirapo zakudya zotchipa za anthu wamba, monga okonomiyaki, chomwe amapanga ndi ufa wa tirigu, mazira ndi kabichi. Chimene chimakweza mtengo ndi nyama yoikidwapoyo ndiponso munthu amene waima kuseri kwa chitsulocho.

Kaphikidwe aka si kamakedzana. Kuyambira pa lamulo la Mfumu Tenmu la mu 675, kudya nyama ya ng'ombe kunkaletsedwa kapena kunyansidwa kwa zaka zoposa 1,000, mpaka Mfumu Meiji inaidya mu 1872. Lesitilanti ya Misono, imene Shigeji Fujioka anatsegula mumzinda wa Kobe mu 1945, ndiyo imadziwika kuti inayambitsa zokazinga nyama ya ng'ombe pachitsulo wodya akuonerera. Makasitomala ake oyamba ambiri anali akunja, makamaka asilikali a ku America amene anali m'dzikomo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo ndiwo anali ndi ndalama panthawi imene eni dziko ankavutika ndi njala. Choncho chakudyachi chinayamba kale chili cha anthu opeza bwino.

Nkhani yaikulu ili pa nyama. M'malesitilanti apamwamba amagwiritsa ntchito nyama ya wagyu, kutanthauza ng'ombe za mtundu wa ku Japan, ndipo yotchuka koposa ndi ya Kobe, yochokera ku ng'ombe zakuda za mtundu wa Tajima zobadwira ndi kukulira m'chigawo cha Hyogo, momwe muli mzinda wa Kobe. Ng'ombezi amazidyetsa kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka mafuta alowerere mkati mwa mnofu n'kumaoneka timizere toyera paliponse, m'malo mounjikana m'mphepete monga timaonera kubutchala. Mafutawa sachedwa kusungunuka, ndiye chifukwa chake nyamayo imafewa kwambiri mkamwa. Akapha ng'ombe, akatswiri amaipatsa giredi, ndipo yapamwamba kwambiri ndi A5. Kuchuluka kwa timizere tamafutato amakuyeza kuyambira 1 mpaka 12, ndipo nyama yosafika pa 6 siloledwa kutchedwa ya Kobe. Ng'ombe zokhoza mayeso amenewa ndi zochepa pachaka, ndipo kugulitsa nyamayi kunja kwa Japan kunangoyamba mu 2012.

Nyama yonona chotere imavuta kuotcha pamakala, chifukwa mafuta amadonthera pamoto, malawi amabuka, utsi n'kuphimba kukoma kumene munthu walipirira. Chitsulo chokhuthala chimasunga kutentha mofanana, ndipo wophika amadziwa mbali yotentha kwambiri yowaulira kunja kwa nyama ndi mbali yofunda yoipumitsira. Amadula timagawo ting'onoting'ono n'kumapereka pang'onopang'ono, kuti nthuli iliyonse ifike kwa wodya ikadali yamoto, yothira mchere, adyo wokazinga kapena wasabi (chokometsera chobiriwira chowawa ngati tsabola) basi. Kawirikawiri amayamba ndi zam'nyanja ndi ndiwo zamasamba, n'kumalizira mpunga wokazinga ndi adyo. Wophika mmodzi amatumikira anthu ochepa okhala mozungulira chitsulocho kuyambira poyamba mpaka pomaliza, alibe khitchini yobisirako cholakwa, ndipo nthawi yakeyo imalowa m'bilu.

Ngati m'kanemayo munali zoponya mipeni m'mwamba ndi kuyatsa moto pamulu wa anyezi, zimenezo zinatchukira ku America, kumene Hiroaki Aoki anatsegula lesitilanti ya Benihana ku New York mu 1964. M'malo apamwamba a ku Japan wophika amagwira ntchito mwakachetechete, ndipo ife tikuona kuti pamene masewera achuluka, wodya amakhala akulipira chionetsero kuposa nyama.

Mukadzapeza teppanyaki pamndandanda wa zakudya kuno ku Harare kapena ku Johannesburg, funsani kaye kumene nyamayo yachokera. Ya Kobe yeniyeni imakhala ndi satifiketi yosonyeza nambala ya ng'ombeyo, ya manambala 10, ndipo wogulitsa woona mtima sangavutike kukuonetsani. Nyama ya ng'ombe za kuno zodya udzu ndi yokoma ndithu, ndipo imapsa bwino pachitsulo, koma ilibe mafuta amkati ochuluka chotero, choncho musalole kuilipira pamtengo wa wagyu.