Funsani Amalume: Njinga yanga ya gravel ndikaipalase kuti kuno ku Lilongwe?

FUNSO

Amalume, ine ndine mnyamata wa ku Area 25, ndagula njinga ya kaunjika ija amati ya gravel, ya mahandulo opindika koma matayala ake onenepako. Pa YouTube ndimaona anthu a ku Belgium akupalasa m'madambo ndi m'malo oti kale munali migodi ya malasha, mpaka ena akudutsa pakati pa madzi eni eni. Kodi kuno kwathu malo oterewa alipo? Ndatopa nkulimbana ndi ma minibasi pa M1.

YANKHO

Mphwanga, zomwe mwaonazo nzoona ndithu, si zopanga pa kompyuta ayi. Kumeneko ndi ku Limburg, chigawo cha Belgium chomwe anthu ake amadalira malasha mpaka mgodi omaliza wa ku Zolder unatsekedwa mu 1992. Migodi itatha sanangosiya maenje nkumapita, anadzala mitengo, milu ya dothi lochoka mu mgodi ija anailambula nkuikamo tinjira, ndipo mu 2006 anatsegula paki ya Hoge Kempen. Kanjira kodutsa m'madziko kali ku Bokrijk, anakatsegula mu 2016, nkotalika mamita 200 ndi kanthu, madzi amakhala mbali zonse ziwiri kulekeza m'mapewa mwa opalasayo. Ngakhale nzeru yoika manambala pa mphambano kuti wa njinga asasochere inachokera kwa injiniya wa mu mgodi, Hugo Bollen.

Nde mukuti kwathu kuno zilipo? Madambo tili nawo ochuluka kuposa iwowo, ndipo misewu yafumbi imene iwo amachita kuisakasaka ife ndi imene timayendamo tsiku ndi tsiku, a kabaza ndi azibambo a makala aja akhala akupalasa gravel kuyambira kale pa njinga yopanda ma giya komanso atasenza matumba atatu. Chomwe tilibe ndi malo a migodi okonzedwa bwino, pamenepo sindikunamizani.

Poyambira pabwino ndi njira ya ku Malingunde. Mudutse Likuni nkumalowera kumwera chakumadzulo mpaka ku Kamuzu Dam, madamu awiri a Lilongwe Water Board pa mtsinje wa Lilongwe, loyamba la 1966 lachiwiri la 1989. Mukangopatuka mu msewu waukulu mumayamba kutsika ndi kukwera pang'onopang'ono, pakatondo ofiira pamtunda kenako dothi limada mukamafika kudambo, mphepo imazizira, mumaona madimba a tomato ndi mpiru, nzimbe, ng'ombe ndi akakowa pambuyo pake. Kunoko nkomwenso kunapezeka miyala ya graphite, ija amapangira mtima wa pensulo. Miyendo ikalimba mudzapitirire mpaka ku nkhalango ya Dzalanyama komwe mtsinjewu umachokera, koma umenewo ndi ulendo wa tsiku lonse, munyamuke mbandakucha ndipo musapite nokha. Njira ina yofupikirapo ndi ya ku Bunda ndi Mitundu, phiri la Bunda limaoneka patali nde simungasochere kwenikweni, ndipo tinjira ta ngolo tolumikiza midzi tilipo tambirimbiri.

Nthawi yake ndi kuyambira June mpaka September. Dzinja musayerekeze. Dothi la makande la m'dambo likanyowa limamata pa tayala mpaka kutsekeratu pa foloko, tcheni chimadzadza matope, ndipo mukakakamiza kupalasa kachitsulo ka ma giya kakumbuyo kaja kamathyoka, kupeza kena ku msika wa Tsoka si nkhani yamasewera. October naye ndi ovuta, dzuwa limaotcha ndipo mchenga umakhala wafumbutuka.

Tsono za migodi. Migodi ikuluikulu ili kutali ndi ife, uranium ali ku Kayelekera ku Karonga komwe anayamba kukumba mu 2009 nkuimitsa mu 2014, malasha ali ku Mchenga ku Rumphi. Zomwe mukumane nazo kuno ndi maenje a njerwa m'mbali mwa madambo, malo okumba mchenga mu Lilongwe ndi Lingadzi, ma kwale osiyidwa, ndi maenje omwe makontilakita anatengamo dothi la msewu nkuchokapo osakwirira. Ine nkhani imeneyi imandiwawa kwambiri, chifukwa maenjewa dzinja amadzadza madzi, udzudzu umaswana momwemo, ng'ombe zimathyoka miyendo ndipo ana a m'midzi amamiramo. Malamulo a zachilengedwe ndi a migodi amafuna kuti okumba akonzenso malo akamaliza koma mukayenda pa njinga mudzaona ndi maso anu kuti ambiri sachita. Ku Kasiya, njira ya ku Santhe ija, kampani ya Sovereign Metals inapeza m'dothi miyala yamtengo wapatali yotchedwa rutile yochuluka zedi, akuti kuposa kwina kulikonse pa dziko lonse, ndipo ndikanakonda achinyamata ngati inu mukapalaseko panopa, muone madambo ake mmene alili, mujambule zithunzi, kuti tsiku lomwe adzayambe kukumba mwamphamvu padzakhale anthu odziwa kuti malowa anali otani komanso oti angafunse kuti akamaliza adzawasiya bwanji. A ku Limburg aja anafunsa mafunso amenewa, nchifukwa chake lero mukuwasirira pa foni.

Madzi a m'kwale amaoneka oyera bwino ndipo munthu utatopa amakopa, koma musasambemo. Makoma ake ndi oimirira, pansi simukudziwa kuti pali chani, ndipo madzi osayenda ngati amenewo nkomwe kumakhala nkhono za likodzo. Ngakhale kudambo, ngati pali kaulalo kamitengo tsikani muwoloke mukukankha njinga.

Chinanso chomwe pa YouTube sangakuuzeni, njira zimenezi zili ndi eni ake. Musadule pakati pa dimba la munthu chifukwa choti foni yaonetsa kuti mpafupi. Mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda, ndi kumanda kumeneko, osalowamo kukapuma kapena kukataya madzi, mlandu wake kwa amfumu ngwaukulu. Mukakumana ndi gule mu msewu patukani, tsikani pa njinga, foni ikhale m'thumba. Pamaliro chimodzimodzi, mukaona masamba aikidwa mu msewu tsikani mudutse wapansi. Ndipo mupereke moni, anthu omwewo ndi amene akakuuzeni kuti mlatho wa kutsogoloko unakokoloka.

FUNSO

Amalume, ine ndi anzanga atatu, tonse atsikana a ku Kawale, timapalasa Loweruka m'mawa koma sabata iliyonse wina amaphulitsa tayala tikangolowa msewu wafumbi. Tikulakwitsa pati?

YANKHO

Ana anga, choyamba ndakondwa kuti mukuyenda pagulu, pitirizani choncho. Vuto nthawi zambiri limakhala mpweya. Ambiri mumapopa tayala mpaka gwa poganiza kuti nde lithamanga, koma pa miyala tayala lolimba kwambiri limangodumphadumpha nkumaterereka, pomwe lofewetsa limapanitsa tchubu pa limu mukagunda mwala nkuboola timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo tiwiri mudziwe kuti mpweya unachepa, kakakhala kamodzi ndi munga. Popani loti mukalisindikiza ndi chala chachikulu lizilowako pang'ono chabe, lakumbuyo lilimbeko kuposa lakutsogolo. Matayala a mamilimita 38 mpaka 45 ndi amene amakwanira bwino misewu yathuyi, nambala yake imalembedwa m'mbali mwa tayala.

Mukamamata, musanabwezeretse tchubu yendetsani chala mkati mwa tayala monse, munga umatsalira momwemo nkuboolanso mutangoyenda pang'ono. Aliyense anyamule tchubu chake chapadera, pampu imodzi ya gulu, zomatira, madzi okwanira ndi kandalama kapamanja chifukwa netiweki kumidzi ina imavuta. Ndipo muonetsetse valavu, njinga zambiri za kaunjika zimabwera ndi valavu yopyapyala ija yomwe pampu za amisiri a pansi pa mtengo sizilowa, nde gulani kachitsulo kolumikizira muzikasunga m'chikwama.